Tenti Yobiriwira pa Bwalo la Tenson

Nata, Botswana
12 Meyi 2024

Akulu ba Tenson,

Muli bwanji pamodzi na mulamu wanga ba Cecilia? Nanga amai, chilonda chikuti bwanji? Ine kuno nili bwino, ntchito ni yomwe ija yoyendetsa alendo kukaona mchenga. Nalemba pa pepala chifukwa pa foni mumanidula na mafunso nisanamalize.

Pa tchuthi cha mu Julaye abwana anilola kutenga motoka ya kampani, ija yokwera m'mwamba. Nifuna mubwere kuno. Tizalowa m'chipululu cha mchere cha Makgadikgadi, tikagone kumeneko masiku ochepa, ife awiri chabe. Kulibe msewu, kulibe nyumba, kulibe netiweki, kulibe munthu wokufunsani lipoti. Chimwalirireni atate sitinakhalepo pansi ine na imwe. Ndipo nkhope yanu pa chithunzi cha Khirisimasi inaniopsa. Mukuoneka akulu kupambana amalume.

Natumiza tenti na ba Yoramu, dalaivala wa thiraki yopita ku Lusaka. Ni yakale, yolemera, koma mphepo ya kuchipululu siigwetsa. Muiyese kumanga pakhomo kuti manja azolowere. Osayamba kuwerenga za njoka pa intaneti. Nikudziwani.

Mng'ono wanu,
Kondani

Silverest
26 Meyi 2024

Wokondedwa Kondani,

Moni. Kalata ndi tenti zafika. Chikhomo chimodzi ndi chopindika, ndachiwongola ndi nyundo. Tonse tili bwino.

Za njoka ndawerenga kale, pepa. Ndawerenganso za zinkhanira ndi za anthu amene galimoto yawo inatitimira m'matope obisika pansi pa mchere. Kodi mudzakhala matayala awiri apadera kapena limodzi? Madzi ndawerengera mobwerezabwereza, ndipo nthawi zonse akupelewera. Kodi kampani yako idzadziwa njira imene tadzera? Tikachedwa kutuluka, adzayamba kutifuna liti? Undiyankhe funso lililonse palokha. Komabe ndikubwera. Tchuthi kuntchito ndapempha kale.

Amai akupezako bwino. Chilonda chakuphazi chayamba kuuma m'mbali. Anamwino akuti kwa munthu wa shuga chinthu chachikulu n'chakuti tisaphonye tsiku lotsuka, choncho Lachiwiri lililonse ndimawatengera kuchipatala ku Lusaka ndisanapite kuntchito. N'chifukwa chake achemwali a Fyness anavomera kuti amai achoke ku Kanakantapa adzakhale kuno. Za ulendo sindinawauze. Akamva kuti ana awo aamuna onse awiri akukagona kumene kulibe madzi, shuga ikwera. Cecilia akuti munthu wamkulu sabisira mai wake zinthu ngati mwana wakuba shuga. Ndamuuza kuti ndidzawauza nthawi ikakwana.

Ndakonza zoyesera zonse pamodzi. Lachisanu pa 7 Juni Cecilia akupita ku msasa wa mapemphero wa amai a mpingo, kumene amasiya mafoni m'dengu mpaka Lamulungu. Madzulo amenewo, amai akamwa mankhwala, ndidzamanga tenti kutsogolo kwa nyumba, chifukwa chipinda chawo chili kumbuyo ndipo sadzaiona. Ndagula nkhuni zikuluzikulu kuti ndiphunzire kusunga moto usiku wonse. Ndidzagona panja kuti ndione ngati msana ulola. Foni ndidzazimitsa, ndidziwe mmene mtima wanga umachitira popanda netiweki. M'mawa amai asanadzuke zonse zidzakhala zitapindidwa.

Sindikufuna kukachita manyazi pamaso pako m'chipululu.

Mkulu wako,
Tenson

Kanakantapa
10 Juni 2024

Kondani mlongo wanga,

Moni. Sinifunsa za umoyo wako chifukwa niziwa uli bwino, ndiwe wekha pabanja pano amene uli bwino. Foni yako siilira, ku ofesi kwanu akuti uli kuthengo na alendo. Kalata iyi naijambula, uzaipeza ukatuluka.

Lachisanu madzulo ananiimbira ba Jessica, aja oyandikana na Tenson amene amagula matimati kwa ine. Anati, "Ba Fyness, pepani, nadutsa pa nyumba ya alongo anu. Pali tenti, pali moto wa zipika, mipando ili panja, ba Tenson akhala okha agwira kumutu." Iwe uziwa mpanda wa Tenson ni waya chabe, zonse zioneka kuchokera pamsewu. Ndipo Silverest yonse iziwa kuti m'nyumba muja muli nkhalamba yodwala.

Ninaimbira Tenson, yozima. Cecilia, yozima. Iwe, yozima. Ukanakhala iwe ukanaganiza chani? Tenti pakhomo la munthu itanthauza chinthu chimodzi kuyambira kwathu ku Katete mpaka kuno.

Ninauza akulu a mpingo. Anthu anabwera na zimene ali nazo, chaka chino cha chilala chimene ngakhale nkhuku ikuonda. Wina ufa, wina kabichi, wina nkhuni. Ba Mervin anapereka kanta yawo, kathiraki kaja konyamulira katundu. Amalume ku Katete anakwera basi. Tinanyamuka kusanache, ine na akwaya na azimai, tinafika dzuwa likutuluka. Ninayamba kulira nisanatsike, monga mwana wamkazi ayenera. Azimai ananilandira. Akwaya anayamba nyimbo.

Ndiye tenti inatseguka. Anatuluka mkulu wako, atalowa m'chithumba chogonamo mpaka m'chiuno, tochi yomangirira pamphumi, akudumpha ngati chule. Ananifunsa kuti wamwalira ndani. Iye kufunsa ine!

Nisanayankhe chitseko cha nyumba chinatseguka. Amai. Opanda ndodo, opanda nsapato, bandeji ikukhwekhwereza m'fumbi. Ba Mainess a kwaya anathawa mpaka kugwera pa waya. Amai sanayang'ane munthu aliyense. Anapita kwa Tenson, namugwira kumaso na manja onse awiri. Ine ninati manje amumenya, ndipo ninafuna amumenye. Koma anangomusiya, nakhala pansi pa sitepe nthawi yaitali. Pambuyo pake anati niwatengere chikwama chawo.

Tinabwera nawo pa kanta yomweyo, atakhala pa thumba la ufa wa maliro awo. Amalume tinawabweza ali pa Nyimba.

Manje amai akana kubwerera ku Silverest. Mawa ni tsiku lotsuka chilonda. Pa kiliniki yathu mankhwala aja kulibe. Ine kutchalitchi sininapite dzulo, nkhope nilibe. Akuti tenti ni yako. Uniuze ngati ni zoona.

Ine,
Fyness

Nata
19 Juni 2024

Akulu,

Natuluka kuthengo dzulo napeza kalata yanu na ya ba sisi Fyness. Ninayamba na yanu. Pamene ninafika pa nkhuni na kuzima foni ninati, mayo. Ya ba sisi ninaiwerenga nili pansi. Nikuuzani zoona, ninaseka mpaka mnzanga wa ku ofesi anabweretsa madzi. Chithumba chogonamo, akulu? Na tochi?

Koma naleka kuseka. Tenti ni yanga, mawu oti muyese pakhomo ni anga. Kuno azungu amamanga matenti pa kapinga tsiku lililonse, nakhala kuno nthawi yaitali, naiwala mmene tenti imaonekera kwathu. Theka la mlandu nipaseni.

Nikhulupirira kuti munapita kale kukatenga amai. Anthu azaseka mwezi umodzi, azapeza china. Matayala apadera ni awiri, madzi azakwana, kampani izaziwa kumene tili. Mukali kubwera?

Kondani

Silverest
23 Juni 2024

Kondani,

Moni. Sindinapite.

Ndinanyamuka Loweruka lapitalo. Ndinafika pamene msewu wafumbi wa ku Kanakantapa umapatuka pa tala. Pamenepo pali azimai ogulitsa ndiwo, ndipo ndinazindikira awiri amene anali pa kanta. Mmodzi analoza galimoto. Ndinapitirira ngati ndikupita ku Chongwe, ndinathira mafuta amene sindinkafuna, n'kubwerera kunyumba. Mabandeji ndi mankhwala ndinatumiza ndi kondakitala wa minibasi. Ndinalembanso papepala mmene anamwino amatsukira. Ndikudziwa kuti si chimodzimodzi.

Usatenge theka la mlandu. Iwe unali kutali. Ine ndanyamulapo matenti a maliro a anzanga a kuntchito. Pa maliro a atate ndinagona pa moto wa zipika ngati womwewo, iwe uli pambali panga. Ndinaganizira zinkhanira, mphepo, msana, matayala, ndipo sindinaganizire ngakhale kamodzi munthu wodutsa pamsewu. A Jessica akuti anandiona nditagwira kumutu. N'zoona. Ndinkayesa kukumbukira ngati pasipoti yanga ili ndi masamba otsala.

Kuno ana a m'misewu akumatcha nyumba yathu kuti kwa Lazaro. Kuntchito wina anasiya envulopu ya chipepeso pa tebulo langa, m'kati muli mabatani a malaya. Zimenezo ndingapirire. Chimene chikundilepheretsa kugona ndi manja a amai pankhope panga. Anali ozizira. Ndikudziwa zimene amaganiza. Munthu wodwala adzuke m'mawa, apeze mwana wake wamumangira kale tenti. Ngakhale nditafotokoza bwanji, kwathu amati zoterezi n'kuitana. Achemwali pa foni anandiuza kuti ena kumeneko akunena kuti ndinatopa ndi ma Lachiwiri. Kodi ndikaime bwanji pamaso pa anthu amene anapereka ufa wa ana awo?

Cecilia amandiyankha zimene ndafunsa zokha. Dzulo anati galimoto ili ndi mafuta ndipo msewu sunatsekedwe. Ndikuganiza zoyamba ndalemba kalata, kuti mtima wa amai ufeweko ndisanaonekere.

Za chipululu iwala. Tchuthi ndabweza.

Tenson

Silverest
30 Juni 2024

Okondedwa amai,

Ndikupereka moni ndi ulemu wonse. Ndikhulupirira achemwali akuwerengerani kalatayi pang'onopang'ono.

Amai, ndinalakwa. Tenti ija inali ya ulendo wokacheza ndi Kondani ku Botswana, kumalo kopanda nyumba kumene anthu amagona panja mwa kufuna kwawo. Ndinkangoyesera. Sindinakuuzeni chifukwa ndinkaopa kuti mudera nkhawa. Mumtima mwanga munalibe ganizo lina lililonse. Sindinatope nanu. Lachiwiri ndi tsiku limene ndimalikonda, chifukwa m'galimoto mumandiuza nkhani za ku Katete.

Tenti ndaichotsa panyumba. Pamene panali moto ndafotsera ndi dothi. Ngati chipinda chakumbuyo simukuchifunanso, tisinthana.

Mwaphonya kutsuka katatu. Ndikupempha mulole nditumize takisi Lolemba, idzakutengereni pakhomo penipeni. Dalaivala ndi munthu wodekha, ndamufufuza.

Mwana wanu,
Tenson

Kanakantapa
5 Julaye 2024

Tenson,

Amene akulemba ndi Fyness, mawu ndi anga. Ndamuuza kuti asawonjezere zake.

Moni. Kalata yako ndamva. Takisi yako inabwera, ndinaibweza. Dalaivala ndi wodekhadi, tinamupatsa mbatata.

Ukuti ndikuganiza kuti unandiitanira imfa. Mwana iwe, unaphunzira mpaka kukoleji koma mutu wa mai wako suudziwa. Imfa yanga ndimacheza nayo tsiku lililonse, siyembekezera tenti yako.

Tamvera. M'mawa uja ndinadzuka ndi mawu a Fyness akulira pabwalo. Mawu a mwana wanga ndimawadziwa, ndipo kulira kuja ndinakumva komaliza pa atate ako. Ndinadzigwira, ndinapeza ndili moyo. Cecilia ndinkadziwa kuti ali kumapemphero. Ndinaitana dzina lako, nyumba inali zii. Ndinalowa kuchipinda kwako, bedi losagonapo. Ndinasuzumira pawindo, ndinaona tenti ndi utsi ndi akwaya akwathu. M'nyumba muja tinali awiri. Ndiye unali ndani womwalira?

Kuchokera kuchipinda kwako kufika pakhomo si patali, koma ine ndinakuika m'manda panjira imeneyo. Ndinaganiza kuti zinachitika usiku, anthu anaopa kundidzutsa chifukwa cha shuga. Ndipo ndinakhulupirira msanga, chifukwa m'nyumba mwako ndimo mmene mumachitira. Mumanong'onezana kukhitchini. Ndikalowa mumasintha nkhani. Nditakugwira nkhope n'kupeza yofunda, ndinangokhala pansi pa sitepe.

Sindinachoke chifukwa chokwiya. Ndinachoka chifukwa ndikayang'ana bwalo lija ndinkaona maliro ako. Ndinati ndikapume masiku awiri kwa Fyness, Tenson abwera kudzanditenga. Ndinauza Fyness kuti anene kuti ndakana, kuti ubwere msanga. Chikwama sindinamasule. Unatumiza kondakitala. Unatumiza pepala. Unatumiza takisi. Galimoto iliyonse ikamveka ndimatumiza munthu kukaona.

Ukuopa anthu a kuno. Akuseka, inde. Inenso pena ndimaseka, ndikakumbukira Mainess pa waya. Koma anthu amenewa anadzuka usiku kudzalira mai wako. Ubwere Lamulungu nthawi ya mapemphero, uwathokoze ndi pakamwa pako. Ukatero tipita.

Ndipo kuchipululu kumeneko ukanandiuza, ndikanakukazingira nshawa.

Mai wako

Tenson, ni ine Fyness manje. Amai sananiuze kulemba ichi. Chala chachikulu chada ndipo chayamba fungo. Natsuka monga unalembera koma sichimva. Osayembekeza Lamulungu ngati ungathe.

Silverest
16 Julaye 2024

Wokondedwa Kondani,

Moni. Ndikudziwa achemwali akuuza kale zina pa foni, koma ndikufuna umve kwa ine.

Kalata ya amai inandipeza Loweruka madzulo, kondakitala anaiiwala m'thumba. Lamulungu m'mawa tinanyamuka ndi Cecilia. Pa mphambano paja azimai a ndiwo analipo. Ndinakhota.

Ndinapempha amai kuti tipite kuchipatala nthawi yomweyo. Anakana, anati tchalitchi choyamba. Anawanyamula pa mpando mpaka kutsogolo. Nthawi ya zolengeza mkulu wa mpingo anati pali mlendo wochokera ku Silverest amene ambiri amudziwa. Anthu anayamba kuseka ndisanaimirire. Ndinali nditakonza mawu usiku wonse, mfundo zake mwadongosolo. Nditaima zonse zinathawa. Ndinangoti, "Munabwera kudzalira amai anga. Zikomo. Ine ndi amene ndinachedwa kubwera." Kuseka kunatha. A Mainess anayambitsa nyimbo, ndikuganiza pondimvera chisoni. Potuluka a Mervin anandigwira dzanja nati tsiku lina ndikafuna kugona panja ndizibwera kumunda kwawo, kuli akuba chimanga.

Ufa ndi nkhuni achemwali anabweza kwa eni ake tsiku lomwe lija. Kabichi anadya akwaya.

Kuchipatala anawagoneka madzulo omwewo. Chala achotsa Lachitatu. Dokotala akuti phazi lipulumuka ngati sitiphonyanso, ndipo adzayenda ndi ndodo monga kale. Anatiuza mosabisa kuti tikanabwera milungu iwiri m'mbuyomo, chala chikanakhalapo. Milungu iwiri m'mbuyomo ndinali kufufuza dalaivala wa takisi.

Amai atuluka dzulo, ali kuno. Chipinda akana kusintha. Anandiuza kuti ndikulembere kuti ulendo usafe, tiuike chaka chamawa, ndipo akufuna kudziwa ngati mcherewo ndi wodyeka. Tsopano chilichonse ndimawauza, ngakhale za kuntchito zimene sakuzifuna, mpaka amandithamangitsa.

Pali chimodzi chimene achemwali sakuchidziwa chifukwa anali panja. Tsiku lowagoneka, dokotala atamasula bandeji anayang'anitsitsa chalacho. Kenako anayang'ana khadi, nayang'ana ine, n'kufunsa kuti mwezi wonsewu tinali kuti, ndipo ndani amasamala mai ameneyu. Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene. Amai anandigwira bondo.

"Kunali maliro, adokotala," anatero. "Mwana wangayu ndiye anali pa moto."

Dokotala anati pepani. Anandiuza ine, ndipo ndinalandira.

Mkulu wako,
Tenson